Kabokosi ka Dzina Lachiwiri

Lachinayi m'mawa, jekete ndisanavule n'komwe, Yolima wa pa kauntala anali ataima kale pakhomo pa ofesi yanga, manja m'chiuno.

"Nubia, chimakina chako chija chayambanso ufiti."

Mawu amenewo ndimadana nawo kwabasi. Zinthu zikamayenda bwino, makina ndi a chipatala, a adokotala, a tonse. Akangotsokomola pang'ono, ndi a Nubia. Ndagwira ntchito pa chipatala chino cha ku Pasto zaka khumi ndi chimodzi, wosamala makompyuta ndine ndekha, ndipo pulogalamu yotumiza mapempho a odwala ku Bogotá, likulu la dziko lathu, ndinailemba ndi zala zangazi. Ntchito yake ndi yosavuta kuimva. Dokotala akanena kuti wodwala akufunika opaleshoni yomwe ife sitingathe, Yolima amalemba maina ake ndi nambala ya chiphaso pa kompyuta. Pulogalamu yanga imanyamula zimenezo n'kukazipereka ku kompyuta ya ofesi yovomereza ku Bogotá, ya kumeneko n'kubweza nambala ya chilolezo. Popanda nambala imeneyo palibe chipatala chachikulu chingakugoneke pa bedi, ngakhale utafika chokwawa.

"Chatani?" ndinafunsa.

"Bambo Botina. Tinatumiza Lolemba, mpaka lero nambala kulibe."

"Nanga enawo?"

"Enawo zikungotuluka ngati mbuliwuli. Koma awa okha."

Ndinasuzumira m'khonde. Pa benchi panali mkulu wina woonda, atafunda nsalu yake ya ubweya mpaka m'khosi, akupuma ngati munthu amene wangotsitsa thumba la mbatatesi, chonsecho anali atangokhala. Milomo yawo inali yakuda bii. Pambali pawo panali mayi wamfupi wa tsitsi loluka pawiri, atafungatira dengu pamiyendo. Amenewo anali bambo Campo Elías Botina ndi akazi awo, mayi Hermelinda, alimi ochokera kuseri kwa phiri la Galeras.

Ndisanakhale pansi, adokotala Insuasty analowa. Mayi ameneyu sakonda kuzungulira nkhani.

"Ku chipatala chachikulu cha ku Cali atisungira bedi la Lolemba," anatero. "Akufuna nambala pofika mawa folo koloko masana. Ikapanda kufika, bedi lipita kwa wotsatira, ndipo ife tidikira miyezi inayi. Nubia, mtima wa bambo aja sufika miyezi inayi. Sindikukuopseza ayi, ndikungokuuza."

"Pofika nkhomaliro zikhala zitatheka, adokotala," ndinayankha. Pakamwa pangapa! Padzandiphetsa tsiku lina.

Ndinatseka chitseko. Pa chitseko chimenecho pali kapepala kamene ndinamata tsiku langa loyamba, kolembedwa kuti Nubia Jojoa Jojoa. Amayi anga atabwera kudzaona ofesi yanga, anakawerenga kawiri, n'kundiyang'ana. "Ndiye kuti ndinakubala kawiri?" Anangonena zimenezo basi, n'kundipatsa chimanga chophika chimene anandinyamulira. Ine ndinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndinayamba ndi kaundula, mmene pulogalamu imalembamo chilichonse chimene yachita. Lolemba, pempho la bambo Botina linapita, ndipo Bogotá inayankha kuti "Talandira." Lachiwiri Yolima anatumizanso. "Talandira." Lachitatu kawiri konse. "Talandira, talandira." Mwalandira, ndiye nambala ili kuti, anthu inu?

Ndinayang'ana kiyi yomwe timatsegulira khomo la kompyuta yawo, mwina yatha ntchito. Inali bwinobwino, koma ndinapanga ina yatsopano kuti mtima ukhale pansi. Ndinayang'ana wotchi ya makina athu, chifukwa nthawi ina inatsalira mphindi zisanu ndi chimodzi, Bogotá n'kutikana tsiku lathunthu. Wotchi inali yolondola. Ndinakwawa pansi pa tebulo kugwedeza mawaya, mawondo a thalauzi langa n'kuda ndi fumbi. Ndinatumiza pempho la mtsikana wina wa ndulu, nambala n'kubwera ndisanameze n'komwe khofi. Ndinatumizanso la bambo Botina. Talandira. Ndinatumizanso, ndi ukali tsopano, ngati kuti batani likamva kupweteka lichita manyazi. Talandira.

Apo ndinatsimikiza kuti vuto lili kwawo, ndipo ndinaimba foni.

Anandimvetsera nyimbo mphindi makumi awiri. Kenaka kunamveka mawu a mwamuna, osalala ngati batala.

"Mukulankhula ndi Wilmer, ndikuthandizeni bwanji?"

Ndinamufotokozera zonse mwadongosolo, kuyambira Lolemba.

"Mukuimba kuchokera kuti, mayi?"

"Ku Pasto."

"Aaa, ku Pasto." Ndinamva kumwetulira kwake pa foni pomwepo. Anthu a ku Bogotá ali ndi nthabwala zawo zokhudza ife, amati ndife ogona, timakwera makwerero kuti tikamve nkhani zapamwamba. "Mwayesa kuzimitsa kompyuta n'kuyatsanso?"

Magazi anandithamangira kumutu.

"Achimwene, pulogalamu imeneyi ndinailemba inu mukadali kuphunzira kumanga nsapato. Kuzimitsa n'kuyatsa! Pitani mukazimitse yanuyo, mwina idzuka ndi nzeru."

"Pepani mayi, timafunsa aliyense. Koma kuno zonse zili bwino. Magetsi onse ndi obiriwira."

"Obiriwira! Kuno kuli munthu milomo yada, inu mukundiuza za magetsi obiriwira?"

Anandipatsa nambala ya dandaulo, n'kunena kuti amayankha pasanathe masiku atatu ogwira ntchito. Ndinaika foni pansi mwamphamvu moti Yolima anamva ali ku kauntala.

Nthawi ya nkhomaliro wina anagogoda pang'onopang'ono. Anali mayi Hermelinda ndi dengu lawo.

"Odi, inu a makina."

"Loweni, mayi."

Anatulutsa chinthu chokulungidwa m'pepala ndi m'kansalu, n'kuchiika pa tebulo langa, pakati pa mawaya. Fungo lokha linandiuza. Mbira yootcha, yathunthu, ndi mbatatesi zinayi pambali.

"Si ziphuphu ayi," anafulumira kunena. "Ndaona kuti simunatuluke kukadya. Ndaweta ndekha imeneyi."

"Mayi, sindinachite kanthu panobe."

"Munthu wanjala ndiye angachite chiyani?" Anaima pang'ono, akuyang'ana makompyuta anga ngati akuyang'ana galu wa eni. "Tandiuzeni, mwana wanga. Makinawo akuwakana chifukwa chiyani abambowa? Sanalakwirepo munthu. Ngakhale ng'ombe samenya."

Ndinawaperekeza ku benchi, bambo Botina n'kukweza maso.

"Musavutike nawo, mayi," anatero, akupuma pakati pa mawu. "Mwina makinawo ndi a m'tauni, sakonda fungo la mlimi."

"Khalani chete inu, mukutha mpweya ndi nthabwala," anawadzudzula akazi awo, uku akuwakonza nsalu ya m'khosi.

Ndinabwerera mu ofesi mtima ukundiwawa. Kunena zoona ndinkachita mantha. Mbira ija sindinaikhudze, ndinakaiika mu furiji ya anamwino. Masana onse ndinatumiza pempho lija kasanu kena, ndikusintha apa, ndikusintha apo. Ndinachotsa kachizindikiro ka pamwamba pa dzina la Elías, ndinalemba ndi zilembo zazikulu zokhazokha, ndinasintha kalembedwe ka tsiku lobadwa. Yankho linali lomwe lija. Poweruka ndinadutsa pakhomo lakumbuyo kuti ndisakumane ndi maso a mayi Hermelinda.

Lachisanu ndinafika ma sikisi, alonda asanasinthane. M'basi ndinali nditakumbukira chinthu chimene ndikanayenera kuyamba nacho dzulo lake. Kaundula wanga sankalemba yankho lonse la Bogotá. Ankangotola mzere woyamba, chifukwa zaka zonsezi mzere woyambawo unkakwanira. Ndinauza pulogalamu kuti tsopano indionetse zonse, kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo ndinatumizanso.

Pamwamba panali "Talandira" wathu uja. Pansi pake, patadutsa mizere ingapo ya manambala, panali mawu ena amene pulogalamu yanga inkangowataya osawerenga: "Munthuyu sakupezeka m'kaundula wa boma."

Ha! Ndinaomba m'manja ndekha mu ofesi. Ndinafufuza m'makalata akale a pa kompyuta, n'kupeza chikalata chawo cha masamba makumi anai chimene anatumiza mwezi watha. Pa tsamba la makumi atatu ndi limodzi ananena kuti ayamba kufananitsa maina a wodwala aliyense ndi kaundula wa ziphaso. Chikalatacho sindinachiwerenge, ndivomere. Koma ndani amawerenga masamba makumi anai?

Ndinaimbanso. Mafoni awo amatsegula naini koloko, ndipo munthu ndinamupeza cha m'ma leveni. Mwamwayi anali Wilmer yemwe uja.

"Ndi mayi a ku Pasto aja," ndinatero. "Ogona aja. Kompyuta yanu yanzeruyo ikuti bambo Botina kulibe. Ndiwauze kuti kulibe? Ali apa pa benchi, akutsokomola. Ndikupatseni foni muwamve?"

Poyankha, batala uja anali atachoka m'mawu mwake.

"Opaleshoni yake ndi ya chiyani, mayi?"

"Ya mtima. Bedi likupita folo koloko."

"Abambo anga anadikira bedi lotero," anatero. Sanapitirize, ndipo ine sindinafunse. "Sindiloledwa kutsegula mapempho a anthu, koma ndipempha kwa abwana. Ndipatseni nambala yanu ya m'manja, ndikuimbirani ndine."

Ndinaganiza kuti ndi bodza la masiku onse lothamangitsira munthu. Koma itangokwana hafu pasiti wanu, foni yanga inalira.

"Ndatsegula," anatero Wilmer, akutafuna kanthu. Ndikuganiza kuti nkhomaliro yake ankadyera pa tebulo. "Ndikuwerengereni zimene zikutifika kuno. Maina: Campo Elías. Dzina loyamba la makolo: Botina. Dzina lachiwiri: Botina."

"Mwati bwanji?"

"Botina Botina. Koma m'kaundula wa boma, nambala imeneyi ndi ya Campo Elías Botina, basi. Dzina limodzi. Kabokosi kachiwiri n'kopanda kanthu. Ndiye kompyuta ikuona ngati ndi anthu awiri osiyana."

Ndinamuuza kuti asachoke, ndipo ndinathamangira ku kauntala. Panali mzere wa anthu, koma ine sindinaone munthu.

"Yolima! Anakuuza ndani kuti uziwonjezera maina a odwala? Masiku awiri ndikukwawa pansi pa matebulo, ndikutukwana anthu a ku Bogotá, chonsecho ndi zala zakozo!"

Yolima sanakweze mawu. Ndi zimene zimandipsetsa mtima mwa iye, sakweza mawu. Anangotembenuza kompyuta yake kuti ndione.

"Werenga, mayi wa sukulu."

Campo Elías. Botina. Kabokosi kachiwiri kanali koyera mbee.

"Ine ndimalemba zimene zili pa chiphaso," anatero. "Zaka zonsezi. Ukafuna kukalipa, kakalipire chimakina chako."

Anthu a pa mzere ankandiyang'ana. Mayi Hermelinda anali ataimirira, chiphaso cha amuna awo chili m'manja, akundipatsa ndisanapemphe. Ndinachilandira. Dzina limodzi.

Akuluakulu amati chala sichiloza mwini. Ndili chiimire pamenepo, ndinadziwa. Ndisanatsegule n'komwe pulogalamu ndinadziwa chimene ndikapeze, ndiponso amene anachiika.

Ndinabwerera mu ofesi, n'kutsika ndi mizere ya pulogalamu mpaka pamene imalongedza maina isanawatumize. Inali pomwepo, mizere itatu. Inkanena kuti kabokosi ka dzina lachiwiri kakakhala kopanda kanthu, tenga dzina loyamba ulibwereze. Pamwamba pake panali mawu amene ndinadzilembera ndekha zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu: "Munthu asatuluke muno ndi dzina limodzi."

Mwana aliyense kuno amanyamula maina awiri a makolo, la bambo kutsogolo, la mayi pambuyo. Amene bambo ake anamukana amanyamula la mayi lokha, ndipo aliyense womva amadziwa nkhani yonse popanda kufunsa. Ine ndinazidziwa ndili sitandade wanu. Aphunzitsi ankaitana maina m'mawa uliwonse: Erazo Pantoja, Guerrero Chamorro, Insandará Rosero. Akafika pa ine ankati "Jojoa," n'kuima, pensulo ili m'mwamba, ngati akudikira kuti china chigwe kuchokera kudenga. Tsiku loyamba anafunsa kuti, "Jojoa chiyani?" Ndinati, "Jojoa basi." Kalasi yonse inafa ndi phwete. Kuyambira tsiku limenelo mpaka kumaliza pulayimale dzina langa linali Jojoa Basi. Amayi anga ankagulitsa chimanga chophika pa msika wa Potrerillo, ndipo sindinawauzepo. Ndinkaopa kuti alira.

Ndiye nditakula n'kupatsidwa mphamvu yolemba pulogalamu ya chipatala chonse, ndinati pano pokha palibe amene adzaitanidwe ndi dzina limodzi pamaso pa anthu. Makalata onse otuluka muno, mapepala a mankhwala, mndandanda woitanira odwala, zonse zinkatuluka ndi maina awiri. Ndinkaona ngati ndawaveka anthu chovala. Sindinauze aliyense, ndipo patapita zaka ndinaiwala. Kwa zaka khumi ndi chimodzi Bogotá sinkayang'ana maina, inkangoona nambala ya chiphaso. Tsopano inayamba kuyang'ana, ndipo chifundo changa chija chinali chitakhala pakhosi pa bambo Botina kuyambira Lolemba.

Misozi inabwera, koma nthawi yolira panalibe. Wotchi inkati thu koloko yadutsa ndi mphindi khumi.

"Wilmer, muli pomwepo?"

"Ndilipo, mayi."

"Ndi ineyo. Vuto ndi langa. Ndinalilemba ndekha."

Ndinadikira kuti aseke, kapena anene kanthu ka anthu a ku Pasto. Akanakhala ndi ufulu wonse.

"Zimachitika," anatero. "Ine chaka chatha ndinazimitsa dera lonse la kunyanja kwa maola atatu. Konzani, ndikudikira."

Ndinafufuta mizere itatu ija. Ndinayesa kaye ndi wodwala wongopeka pa makina oyeserera, chifukwa ngakhale nyumba ikupsa sutuluka wopanda chovala. Zinayenda. Ndinaika pulogalamu yokonzedwayo m'malo mwake, ndinapempha Yolima mwaulemu wonse kuti atseke n'kutsegulanso, ndipo ndinatumiza pempho la bambo Botina.

Yankho linabwera lachilendo: "Chiphaso ichi chatsekedwa."

"Mayo ine! Wilmer, ichinso n'chiyani?"

Ndinamva akugogoda mabatani. "Mwatumiza kangati sabata ino?"

Ndinawerenga m'kaundula. "Khumi ndi katatu."

"Eee, mayi. Ikakana munthu mmodzi kakhumi ndi kawiri, imaganiza kuti wina akufuna kuba chilolezo ndi chiphaso cha eni, ndiye imatseka maola makumi awiri ndi anai. Kutsegula kwake mpaka abwana asaine, ndipo ali mu msonkhano."

Ndiye kuti ukali wanga wa dzulo uja, kudinya batani ngati ndikupha nsikidzi, unali utawonjezera loko wina pa chitseko.

"Achimwene," ndinatero, "dzulo ndinakulankhulani zachipongwe. Ndikupepesa. Chonde, lowani mu msonkhanomo."

"Akandichotsa ntchito mundilemba ku Pasto?"

"Ndidzakuphunzitsani kudya mbira."

"Ndiye bola andichotse ndithu," anaseka, foni n'kuduka.

Ola limene linatsatira sindidzaliiwala. Adokotala Insuasty anasuzumira kawiri. Kachitatu anati aimbira ku Cali kupempha mphindi makumi atatu zoonjezera, koma akana, chifukwa wotsatira pa mndandanda nayenso ndi munthu, ali ndi mtima wake wodwala. Yolima anabwera ndi kapu ya madzi otentha a shuga wa nzimbe, n'kuiika pafupi ndi dzanja langa.

"Imwa, usatigwere pano," anatero.

"Yolima, ndakulakwira pamaso pa anthu."

"Ndikudziwa. Udzapepesanso pamaso pa anthu omwewo Lolemba. Panopa imwa."

Itakwana hafu pasiti fili, foni inali chete. Ndinkayang'ana wotchi, n'kuyang'ana foni, n'kuyang'ananso wotchi. Patatsala mphindi makumi awiri ndi ziwiri, inalira.

"Tumizani pano," anatero Wilmer, akupuma ngati wathamanga pa masitepe. "Kamodzi kokha, mayi, chonde. Kamodzi."

Ndinadinya kamodzi, n'kuika manja pansi pa ntchafu kuti asachite zawo. Talandira. Kenaka pansi pake, manambala khumi ndi awiri, akuda bwino, ooneka. Ndinakuwa moti mlonda anabwera chothamanga. Yolima anawalemba pa dzanja lake, osakhulupirira pepala, n'kuthamangira kwa adokotala. Ku Cali anailandira nambala ija patatsala mphindi khumi ndi imodzi.

Ndikanatha kukhala mu ofesi, iwo n'kumapita kwawo akuganiza kuti makina a ku Bogotá ndiwo anali ndi nkhanza. Palibe akanadziwa kupatula Wilmer ndi Yolima. Koma mbira ya mayi aja inali mu furiji, ndipo sindikanaidya ndi bodza pakhosi. Ndinapita ku benchi, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo, chifukwa malo pa benchi panalibe.

"Bambo, bedi lapezeka. Koma amene anakuchedwetsani ndine."

Ndinawafotokozera zonse, mmene ndikanathera popanda mawu a ntchito. Ndinati makina athu ankawonjezera dzina lachiwiri kwa aliyense amene ali ndi limodzi, ndipo ndine amene ndinawauza kuti azitero. Mayi Hermelinda anagwira pakamwa. Bambo Botina ndiwo anandifunsa.

"Unkawonjezera la ndani?"

"Lomwelo, bambo. Botina Botina."

"Chifukwa?"

"Ndinkati musachite manyazi."

Anapuma kangapo, akusonkhanitsa mpweya. Akazi awo anafuna kuwaletsa, koma anakweza dzanja.

"Amayi anga anali Tránsito Botina," anatero. "Ankalima m'munda mwa munthu wina, ndipo munthu ameneyo ndiye anali bambo anga. Sanandiyang'anepo. Amayi anandilera ndi khasu limodzi, mbatatesi zimene eni munda ataya ndizo tinkadya. Ndili ndi zaka makumi awiri, mkulu uja anadwala, anayamba kuopa Mulungu, n'kunditumizira uthenga. Akuti bwera ku tauni tikalembetse, ndikupatse dzina langa." Anatsokomola, n'kupukuta pakamwa. "Ndinapita. Ndinamuuza kuti dzina ndili nalo kale, ndipo mwini wake analilipira ndi msana. Kabokosi kameneko, mwana wanga, sikuti anaiwala kulembamo ayi. Ndinakasiya dala."

Ndinalephera kuwayang'ana. Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa a mu sitandade wanu aja.

Iwo anali akuyang'ana kuseri kwanga, pa chitseko cha ofesi. Maso a alimi amaona patali.

"Jojoa Jojoa," anawerenga pang'onopang'ono. "Aaa. Ndiye ndiwe wa kwathu iwe."

Ndinavomera ndi mutu.

"Amayi ako alipo?"

"Alipo. Ali ku msika."

"Amati chiyani akaona chimenecho?"

"Anandifunsa ngati anandibala kawiri."

Bambo Botina anaseka. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, akazi awo n'kumawasisita pamsana uku akundikalipira ine kuti ndiwaphera mwamuna bedi litapezeka kale. Atapeza mpweya anandigwira paphewa ndi dzanja lawo lokhakhala.

"Mayi ameneyo ndi wanzeru. Kamodzi kamakwana, mwanawe. Funsa aliyense amene anabalapo."

Ananyamuka Lamlungu pa ambulansi, ndipo Lachitatu lotsatira mayi Hermelinda anaimba kuti abambo adzuka, ayamba kale kudandaula kuti mbatatesi za ku Cali n'zamadzi. Koma zimenezo ndi za sabata yotsatira. Lachisanu lija ntchito inali isanathe.

Ndinabwerera pa kompyuta n'kufunsa kaundula funso limene ndinkaliopa: kuyambira pamene Bogotá inayamba kuyang'ana maina, ndi angati ena a dzina limodzi amene mapempho awo anamira? Anatuluka asanu ndi mmodzi. Wa ng'ala m'maso, wa chotupa cha m'mimba, mwana wa phazi lopindika, ndi ena atatu. Anthu amene anauzidwa kuti dikirani kunyumba tidzakuimbirani, ndipo ankadikira mwaulemu, osadziwa kuti palibe akubwera. Ndinatumiza mapempho awo, kamodzi kamodzi, ndipo nambala zonse zinabwera.

Yolima anati awaimbira Lolemba. Ndinati ayi, awa ndiwaimbira ndekha, lero. Iye anakatenga mbira ija, anaitenthetsa, n'kukhala pa mpando wa alendo akudya mwendo, akundiyang'ana ngati woyang'anira mayeso. Ndisanakhale pansi ndinapita pa chitseko ndi lumo. Kapepala kaja kanali katagwira zolimba, zaka khumi ndi chimodzi si masewera, ndipo podula Jojoa wachiwiri uja ndinakanda utoto.

Woyamba pa mndandanda anali mayi wa ng'ala, wa ku Yacuanquer. Foni inaitana nthawi yaitali. Anayankha ndi mawu okweza, mmene amachitira anthu osazolowera foni.

"Ndani?"

"Ndikuimba kuchokera ku chipatala, mayi. Chilolezo chanu cha maso chatuluka. Chinachedwa chifukwa cha kulakwitsa kwanga, ndipo ndikupepesa."

"Chatuluka? Ambuye alemekezeke! Dikirani, dikirani, mdzukulu wanga alembe. Mwati ndinu ndani?"

"Nubia Jojoa."

Ndinamva akubwereza kwa mdzukuluyo, kenaka kachetechete, pensulo ili m'mwamba.

"Jojoa chiyani, mwana wanga?"

Yolima anasiya kutafuna.

"Jojoa basi, mayi," ndinatero. "Ndi la amayi anga."